Kumutsatsa woimba kapena kumubera? Nkhani ya masamba a nyimbo pa intaneti

Mkangano uwu suchedwa kubwerera pa masamba a mchezo. Woimba amalemba pa Facebook atapsa mtima kuti nyimbo imene waitulutsa m'mawa, pofika masana ili kale pa tsamba lina la pa intaneti, anthu akuitenga ulere, iye osapemphedwa n'komwe. Sabata yomweyo mnyamata wongoyamba kumene kuimba amatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money kwa mwini tsamba lomwelo, kuchonderera kuti nyimbo yake iikidwepo. Chimene tsambalo lachita kwa anthu awiriwa n'chimodzimodzi, kuika nyimbo poyera kuti aliyense aitenge. Koma wina akuti amubera, pomwe mnzakeyo wachita kulipira kuti amuchitire zomwezo.

M'munsi mwa nkhani zotere ndemanga zimagawikana pawiri. Ena amati oimba n'ngosayamika, popanda masambawa bwenzi sakudziwika. Ena amati eni masamba akukolola pamene sanalime. Ndikamawerenga ndimaona kuti ambiri akukangana asanamvane kuti nyimbo ndi katundu wamtundu wanji, mwini wake ndani, komanso ndalama zake zimayenda njira iti. Tiyambire pamenepo.

Nyimbo imodzi, eni ake angapo

Lamulo limateteza chimene timati umwini wa luso, pa Chingerezi copyright. Tanthauzo lake n'lakuti amene wapeka chinthu ndiye ali ndi mphamvu yololeza kapena kukaniza ena kuchikopera, kuchigulitsa, kuchiulutsa kapena kuchiika pa intaneti. Umwiniwu sudikira kuti munthu akayambe walembetsa ku ofesi iliyonse. Mfundo imeneyi ili m'pangano la Berne la 1886, limene Malawi adalowamo mu 1991, ndipo n'chifukwa chake nyimbo ya ku Ndirande imatetezedwanso ku Johannesburg kapena ku London.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mu nyimbo imodzi muli katundu wa mitundu iwiri. Pali mawu ndi kaimbidwe kake, zimene mwini wake ndi wopeka. Palinso mawu ojambulidwa mu situdiyo, amene timawamva pa wailesi kapena mu foni, ndipo mwini wake nthawi zambiri amakhala amene adakonza ndi kulipira zojambulazo. Zili ngati pulani ya nyumba ndi nyumba yomangidwa. Wojambula pulani akhoza kukhala wina, womanga n'kukhala winanso, ndipo pulani imodzi ikhoza kumangidwira nyumba zingapo, monga momwe makwaya atatu angajambulire nyimbo imodzi.

Izi zimapangitsa kuti ngakhale woimba atanena yekha kuti "ikani nyimbo yangayi", nthawi zina sakhala kuti ndiye yekha woyenera kuloleza. Wopanga biti ali ndi gawo lake. Bambo amene adalipira situdiyo akhoza kukhala ndi gawo lake. Woimba mnzake amene adaikamo vesi nayenso alimo. Kuno kwathu zambiri mwa izi zimangokambidwa pakamwa, ndipo nyimbo ikapanda kutchuka palibe amene amafunsa. Ikangogunda, m'pamene anthu amakumbukira kuti nkhanga zinapangana kusanache.

Bungwe loona za umwini wa luso m'dziko muno ndi COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989. Lamulolo lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2016. Ntchito yaikulu ya bungweli ndi kutolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo pa malonda awo, monga nyumba zoulutsira mawu ndi malo azisangalalo, n'kugawira eni luso. Ndalama zimenezi ndi zija oimba amazitchula kuti ma royalty. Umwini wa wopeka sutha iye akamwalira, umapitirira zaka zina 50, ndipo odyerera amakhala ana ndi abale ake.

Palinso ufulu wina umene sukhudza ndalama, ufulu woti dzina la wopeka litchulidwe komanso kuti ntchito yake isasinthidwe moinyozetsa. Masamba ena amati akatenga nyimbo amalowetsamo mawu otchula dzina la tsambalo koyambirira kapena pakati, n'kuchotsa chithunzi chimene woimba adasankha, n'kuikapo chizindikiro chawo. Oimba ena zimenezi zimawapweteka kuposa ndalamazo.

Chimanga ndi moto

Munthu akakuberani chimanga, m'nkhokwe mumaoneka mphako. Koma mnansi akabwera kudzapala moto, wanuwo suzima. Nyimbo ya mu foni ili ngati moto. Ndikakutumizirani, ine ndimakhala nayobe, inunso muli nayo, ndipo yanuyo siperewera kalikonse. N'chifukwa chake anthu achilungamo, amene sangatole ngakhale K100 ya mnzawo, amatumizirana nyimbo pa WhatsApp osamva kutsutsika mumtima. Sakuona chimene chasowa.

Woimba amayankha kuti motowo sudayake wokha. Nkhuni adagula ndi iye: ndalama ya situdiyo, ya wojambula, ya kanema, ya mayendedwe, ndi miyezi imene akadagwira ntchito ina. Nyimbo yake ilipo ndithu, koma munthu amene akadaigula sabweranso.

Vutoli silidayambe ndi intaneti. Nthawi ya makaseti, oimba ambiri ankagulitsa zimbale zawo kudzera kwa O.G. Issa ku Limbe, ndipo COSOMA inkamata tizizindikiro tonyezimira pa makaseti ndi ma CD ovomerezeka kuti wogula asiyanitse ndi achinyengo. Okopera mwachinyengo analipo, koma ankafunika makina, makaseti opanda kanthu ndi malo ogulitsira, kotero ankatha kugwidwa ndi katundu m'manja. Kenaka kudabwera makompyuta ndi timashopu tobenera nyimbo m'misika, kumene munthu amapereka ndalama yochepa n'kudzazitsa memore kadi kapena fulashi. Lero ngakhale kashopuko sikafunika. Bluetooth, Xender ndi magulu a WhatsApp zikugwira ntchitoyo, ndipo wokopera ndi msuweni wanu amene wakhala naye pa minibasi.

Kunja zidayenda chimodzimodzi. Mu 1999 ku America kudabwera Napster, pulogalamu imene inkalola anthu kutengerana nyimbo kuchokera m'makompyuta awo. Makhoti adaitseketsa mu 2001, koma chizolowezicho chidatsala. Ndalama zimene makampani a nyimbo ankapeza pa dziko lonse zidatsika kuchokera cha mu 1999 mpaka cha mu 2014. Kuti kutsikaku kudadza ndi kukopera mwachinyengo kokha, akatswiri a zachuma sagwirizana. Mu 2007 Felix Oberholzer-Gee ndi Koleman Strumpf adasindikiza kafukufuku wosonyeza kuti kutengerana nyimbo pa intaneti sikudachepetse kwenikweni malonda a zimbale. Akatswiri ena, monga Stan Liebowitz, adatsutsa zimenezo mwamphamvu n'kunena kuti chiwonongeko chidali chachikulu. Pamene amasiyanirana ndi pa funso losavuta kulifunsa: kodi aliyense wotenga nyimbo ulere akadaigula? Mwana wa sukulu amene ali ndi nyimbo 800 mu foni sakadagula zonsezo. Koma mwina akadagula khumi.

Lamulo la 2016 lidavomereza kuti kulondola foni iliyonse n'kosatheka. M'malo mwake lidaika kandalama kapadera pa zipangizo zosungira nyimbo ndi zina zotero zikamalowa m'dziko muno. Bungwe lotolera misonkho la MRA ndilo limatolera, ndipo COSOMA imagawira eni luso. Cholinga chake ndi kupepesa eni luso pa kukopera kumene anthu amachita kuti amvere okha pakhomo. Sichilolezo choti munthu atsegule tsamba n'kumagawira dziko lonse.

Mwini tsamba amadya bwanji

Bulogu ndi tsamba la pa intaneti limene munthu mmodzi kapena kagulu kochepa kamalembapo kawirikawiri za chinthu chimene amachikonda. Mabulogu a nyimbo adakula m'zaka zoyambirira za m'ma 2000, ndipo ambiri adayamba ngati ntchito ya chikondi: munthu wamva nyimbo yabwino imene wailesi sikuiika, walemba ndime ziwiri zoiyamikira, waika ndi nyimboyo kuti owerenga amve okha. Lero ntchito yomweyi ikugwiridwanso pa Facebook, Telegram, TikTok ndi YouTube.

Tsamba limafuna ndalama kuti likhalepo. Malo osungira mafayilo amalipiridwa mwezi ndi mwezi, kawirikawiri m'madola. Pali bandulo, pali nthawi ya munthu. Njira yodziwika yobwezera ndalamazi ndi zotsatsa malonda zimene zimaoneka m'mbali mwa tsamba, ndipo zimalipira molingana ndi kuchuluka kwa anthu ofikapo. Chimene chimakoka khamu ndi nyimbo yatsopano ya woimba wotchuka, ndipo tsamba loyamba kuiika ndilo limakolola.

Apa m'pamene chinsinsi cha mkangano uja chagona. Woimba wotchuka amabweretsa anthu ku tsamba. Tsambalo limatenga anthu omwewo n'kuwapereka kwa woimba wongoyamba kumene, amene amalipira kuti aonedwe. Wamkuluyo ndiye nyambo, wamng'onoyo ndiye kasitomala. Onse awiri akunena zoona akamalongosola zimene tsambalo lawachitira, ndipo nthawi zina ndi munthu mmodzi yemweyo amene zaka zisanu zapitazo ankachonderera, lero akukwiya. Eni masamba amaloza pamenepo n'kunena kuti walira mvula walira matope. Woimba amayankha kuti kuvomera kamodzi sikutanthauza kuvomera moyo wonse.

Pa msika wogulitsa mtedza amatha kukupatsani kuti mulawe, chifukwa akudziwa kuti mukalawa mugula. Koma kuti wina azitapa m'lichero mwake n'kumagawira odutsa, akumati akumutsatsira malonda, wogulitsayo sangasekerere, ngakhale zitakhala zoona kuti ena mwa olawawo abwera kudzagula. Mtedzawo ndi womwewo. Chasiyana ndi amene wasankha kuti uperekedwe, kwa ndani, ndi wochuluka bwanji. Woimba akhoza kufuna kuti nyimbo imodzi ifalikire ulere, chimbale chonse chigulitsidwe. Akhoza kufuna kuti sabata yoyamba anthu onse apite ku YouTube yake kuti manambala akwere. Tsamba loika nyimbo popanda kufunsa limamulanda chisankho chimenecho, ngakhale litamuwonjezera omvera.

Chilolezo sichioneka pa fayilo

Chovuta n'chakuti mukayang'ana nyimbo pa tsamba, palibe chosonyeza ngati idaperekedwa ndi mwini wake kapena idatengedwa mozemba. Ngakhale maboma akuluakulu adasokonezekapo pamenepa.

Mu Novembala 2010 boma la America lidalanda tsamba la nyimbo za hip hop lotchedwa Dajaz1, n'kuikapo chikalata chonena kuti limagawa nyimbo zakuba. Mwini wake adaonetsa atolankhani makalata a pa intaneti osonyeza kuti nyimbo zimene ankamunenerazo adachita kutumiziridwa ndi anthu otsatsa oimba, kuti aziike. Tsambalo lidakhala lotseka kupitirira chaka, n'kubwezedwa mu Disembala 2011 popanda mlandu uliwonse. Kumayambiriro kwa chaka chomwecho cha 2010, Google idafufuta mabulogu angapo a nyimbo pa Blogger, malo ake osungira mabulogu, potsatira madandaulo a umwini wa luso, ndipo ena mwa eni ake ankati adali ndi chilolezo cha makampani a nyimbozo. Mu kampani imodzi, ofesi yotsatsa inkatumiza nyimbo, ofesi ya malamulo n'kumaithamangitsa.

Madandaulo otere amayenda pansi pa lamulo la ku America la 1998 lotchedwa DMCA. Popeza YouTube, Facebook ndi Google ndi makampani a kumeneko, woimba wa ku Mzuzu akhoza kudzaza fomu yodandaula, nyimbo yake n'kuchotsedwa pa tsamba la munthu wina. YouTube ilinso ndi makina otchedwa Content ID amene amazindikira okha nyimbo yolembetsedwa. Makinawa amakhulupirira amene wayamba kulembetsa, kotero munthu wachinyengo akhoza kutenga nyimbo ya mnzake, kuiika pa masamba ogulitsira nyimbo m'dzina lake, mwini weniweni n'kupezeka kuti ndiye akudzudzulidwa pa nyimbo yake yomwe. Kuba kwamtundu uwu sikukambidwa kwambiri, koma kumatenga ndalama zenizeni.

Kwa ine phunziro la Dajaz1 n'losavuta. Uthenga wa pa WhatsApp wonena kuti nyimbo yakuti iikidwe, kwa nthawi yakuti, anthu angomvera kapena atengeretu, umateteza mbali zonse ziwiri, ndipo kuulemba sikutha mphindi zitatu.

Kulipira kuti akuyamikire

Mbali ina ya nkhaniyi sikhudza kuba ayi, koma kukhulupirika kwa wolemba kwa owerenga ake. Woimba akalipira tsamba kuti liike nyimbo yake, palibe cholakwika mwa icho chokha. Ndi malonda, monga kugula malo m'nyuzipepala. Funso limabwera pamene tsambalo lalemba kuti "iyi ndiye nyimbo ya chaka", kapena laiika pa mndandanda wa nyimbo khumi zotsogola, osanena kuti lalandira kangachepe. Wowerenga akuganiza kuti akumva maganizo a munthu wodziwa nyimbo, pomwe akuwerenga chikwangwani cha malonda.

Mchitidwewu uli ndi dzina lakale, payola. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku America kudaphulika nkhani yoti ma DJ a pa wailesi ankalandira ndalama mobisa kuti aziika nyimbo zina mobwerezabwereza, ndipo woulutsa mawu wotchuka Alan Freed ntchito idamuthera pamenepo. Mu 1960 lamulo lidakhwimitsidwa. Chochititsa chidwi n'chakuti silidaletse kulipira. Lidaletsa kubisa. Wailesi ikhoza kulandira ndalama, bola iuze omvera kuti nyimboyi yalipiridwa. Mchitidwewu sudathe, moti mu 2005 kampani ya Sony BMG idavomera kupereka madola 10 miliyoni pothetsa kafukufuku wa boma la New York pa nkhani yomweyi.

Oikira kumbuyo kulipira amati mwini tsamba naye ali ndi ana, ndipo m'dziko limene zotsatsa malonda pa intaneti zimalipira zochepa, popanda ndalama ya oimba masamba ambiri akadatseka. Otsutsa amati zikatero amamveka ndi amene ali ndi amalume olemera, pomwe mtsikana waluso wa ku Nsanje wopanda ndalama yotsatsira sadzafika pa mndandanda. Zonsezi n'zoona. Chimene sindipeza pochikanira ndi liwu limodzi loti "zolipiridwa" pamwamba pa nkhaniyo. Silichotsa ndalama m'thumba la aliyense.

Palinso kugula manambala. Anthu ena amagulitsa omvera abodza, makina amene amaseweretsa nyimbo usiku wonse kuti ioneke yotchuka. Woimba amaganiza kuti wagula kutchuka, koma makina sabwera ku shoo, ndipo masamba akuluakulu akazindikira amachotsa nyimboyo.

Nanga njira yovomerezeka imalipira zingati

Anthu ambiri amati yankho ndi streaming, kutanthauza kumvera nyimbo pa intaneti osaisunga ngati fayilo yoti ungatumizire wina. Spotify, imene idatsegulidwa kwa anthu ku Sweden mu 2008, idafika ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe mu 2021. Palinso Audiomack, Boomplay, Apple Music ndi YouTube. Woimba amafikitsa nyimbo yake kumeneko kudzera m'makampani apakati monga DistroKid kapena TuneCore, amene amafuna kulipiridwa ndi khadi la ku banki.

Spotify silipira mtengo wokhazikika pa kumvera kulikonse. Ndalama zolowa m'dziko lililonse zimaikidwa mumphika umodzi, kampaniyo imachotsa gawo lake, ndipo pafupifupi magawo awiri mwa atatu amagawidwa kwa eni nyimbo molingana ndi kuchuluka kwa kumvera. Kumvera kumawerengedwa munthu akafika masekondi 30. Kuyambira mu 2024, nyimbo imene sidamveredwe kokwana 1,000 m'miyezi 12 silandira kanthu pa gawo la zojambulidwa. Popeza mphika wa dziko lililonse umadalira zimene anthu ake amalipira, womvera mmodzi wa ku Britain amabweretsa ndalama zambiri kuposa womvera wa kumene ambiri amamvera ulere. N'chifukwa chake Amalawi okhala ku South Africa ndi ku Britain ali ofunika kwambiri pa thumba la woimba wa kuno.

Womvera wa ku Ntcheu naye ali ndi mbali yake. Kumvera nyimbo kakhumi pa intaneti kumadya bandulo kakhumi. Kuitenga kamodzi n'kuisunga kumadya kamodzi, ndipo imaimbabe netiweki ikathawa. Mabandulo otsika mtengo amene ambiri amakwanitsa ndi a WhatsApp ndi Facebook. Munthu wotereyu sakudana ndi woimba. Mwinanso ndi yemweyo amene adzalipire pakhomo tsiku la shoo, n'kukafupa pa siteji. Oimba ambiri a kuno amadya za mashoo, maukwati, ndi makampani owalemba ntchito yotsatsa malonda, ndiye ena adasankha kuti nyimbo izingoyenda ulere ngati mthenga woitanira anthu ku shoo. Koma wopeka amene saimba yekha, wojambula nyimbo, ndi woimba wokalamba amene sangathenso kuyendayenda, ku shoo alibeko gawo. Chawo ndi nyimbo yojambulidwayo basi.

Nyimbo zakale zimene sizigulitsidwa paliponse

Pali mbali imodzi imene ngakhale anthu okhwimitsa malamulo amadodoma nayo. Nyimbo zambiri za makolo athu zidajambulidwa ku situdiyo za MBC kapena pa makaseti amene adasiya kupangidwa kalekale. Munthu amapeza kaseti yakale m'sutikesi ya malemu bambo ake, amaisandutsa fayilo, n'kuiika pa YouTube. Chilolezo alibe. Koma akadapanda kutero, tepiyo ikadadyeka ndi chinyontho, ndipo mwana wobadwa mu 2005 sakadamva n'kamodzi komwe. Palibe sitolo imene walanda malonda, chifukwa palibe sitolo yogulitsa nyimboyo. Komabe woimbayo adasiya mkazi ndi ana, ndipo kanemayo akayamba kubweretsa ndalama za zotsatsa malonda, zimalowa m'thumba la woika uja.

Brian Shimkovitz wa ku America adakumana ndi funso lomweli. Mu 2006 adayamba bulogu yotchedwa Awesome Tapes From Africa, kumene ankaika makaseti amene adagula m'misika ya ku Ghana ndi maiko ena, anthu n'kumatenga ulere. Ena ankamuyamikira kuti akudziwitsa dziko za oimba oiwalika, ena ankamufunsa kuti eni ake akupezapo chiyani. Mu 2011 adasandutsa ntchitoyo kukhala kampani yotulutsa zimbale. Adayamba kufunafuna oimbawo mmodzimmodzi, ena mwa iwo kwa zaka zingapo, kusainirana nawo mapangano, n'kumagawana nawo phindu pakati ndi pakati.